Kumanga ndi kutchuna makina oyesera mavavu a mtima mu labotale

Wophunzira wa masters kapena PhD amene walowa mu labotale yofufuza zipangizo za mtima ndi mitsempha sachedwa kukumana ndi makina awa: pampu yokankha madzi modukizadukiza ngati mtima, mapaipi, thanki, chitini cha mpweya, ndi vavu yoyesedwa ili pakati. Makinawa amatchedwa pulse duplicator. Malabotale ena amagula opangidwa kale, monga a kampani ya ViVitro ya ku Canada, koma ambiri amadzimangira okha n'kumasiyirana, wophunzira akamaliza wina n'kutenga. Kaya ndi ogula kaya ndi odzimangira, manambala olakwika amene amatuluka m'makinawa kawirikawiri vuto lake silikhala la vavu. Limakhala la sensa yoikidwa pamwamba kwambiri, kathovu ka mpweya kobisala m'kapaipi, kapena madzi amene afunda inu osadziwa. N'chifukwa chake vavu yeniyeni imalowa m'makina pomaliza, zina zonse zitatsimikizika.

Manambala oyambira

Muyezo umene anthu a ntchitoyi amatsata ndi ISO 5840. Gawo loyamba lili ndi malamulo okhudza mavavu onse, lachiwiri ndi la mavavu oikidwa pochita opaleshoni yotsegula chifuwa, lachitatu ndi la mavavu olowetsedwa kudzera mumtsempha, mtundu umene Alain Cribier anauika koyamba mwa munthu mu 2002 ku Rouen. Ngakhale kafukufuku wanu asakhale wofuna chilolezo chogulitsira chipangizo, yambirani pa manambala a muyezowu kuti zotsatira zanu zithe kufananizidwa ndi za ena.

Kwa munthu wamkulu amene akupuma, makina agunde ka 70 pa mphindi, apope malita 5 pa mphindi, pulesha ya pakatikati mu aorta (mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima) ikhale 100 mmHg (mamilimita a mercury, muyeso wa pulesha), ndipo nthawi yofinya itenge magawo 35 pa 100 a kugunda kumodzi. Mukawerengera, kugunda kumodzi kumatenga masekondi 0.857, kufinya 0.3, ndipo pampu iyenera kutulutsa pafupifupi 71 mL nthawi iliyonse. Pisitoni yotambalala 60 mm ili ndi nkhope ya 28.3 cm², ndiye iyende pafupifupi 25 mm. Lembani manambalawa papepala n'kumata pamakinapo. Muyezowu umafunanso kuyesa pa malita ena, kuyambira 2 mpaka 7 pa mphindi, koma amenewo adzabwera mutathana ndi a 5.

Zigawo ndi kukula kwake

Kuchokera kuthanki, madzi amalowa m'chipinda choimira atrium (chipinda cha mtima cholandira magazi), n'kudutsa pa vavu ya mitral kulowa m'chipinda choimira ventricle (chipinda cha mtima chopopa magazi) chimene pisitoni imafinya. Kuchoka apo amadutsa pa vavu ya aorta, kenako chitini cha mpweya, kenako chopinga chochepetsa njira, n'kubwerera kuthanki.

Chitini cha mpweya ndi chopingacho ndi zimene zimaimira mitsempha ya thupi lonse. Nzeru yake ndi ya Windkessel, imene Otto Frank anaiika m'masamu mu 1899: mitsempha ikuluikulu imatanuka mtima ukafinya, n'kubweza magaziwo pang'onopang'ono mtima ukamasuka. Kukula kwa chopinga n'kosavuta kupeza. Malita 5 pa mphindi ndi 83 mL pa sekondi, ndiye 100 mmHg kugawa ndi 83 kumapereka pafupifupi 1.2 mmHg·s/mL. Kutanuka kwa mitsempha kwa munthu wamkulu kumakhala pakati pa 1 ndi 2 mL pa mmHg iliyonse. Yambirani pa 1.5.

Apa ndi pamene ambiri amapanga chitini chaching'ono kwambiri. Kutanuka kwa mpweya wotsekeredwa kumapezeka pogawa kuchuluka kwa mpweyawo ndi pulesha yake yonse, kuphatikiza ya mumlengalenga. Pamalo otsika ngati m'mbali mwa nyanja yamchere, 760 kuphatikiza 100 ndi 860 mmHg, ndiye kuti mupeze 1.5 mufunika mpweya wokwana malita 1.3. Koma mpweya ukamafinyidwa mofulumira chonchi supeza nthawi yotaya kutentha, umalimba kuposa pamenepo, ndipo mungafunike mpaka malita 1.8. Pangani chitini chokwana malita 3, chokhala ndi kavavu pamwamba kolowetsera kapena kutulutsira mpweya ndi pampu ya m'manja. Labotale ikakhala pamalo okwera, pulesha ya mumlengalenga imakhala yochepa ndipo mpweya wofunika umachepa pang'ono. Musadabwe ngati nambala ya m'pepala la anzanu isakugwirizana ndendende ndi yanu.

Paipi yapakati pa vavu ya aorta ndi chitini ikhale yaifupi ndiponso yotambalala ngati aorta yeniyeni, pafupifupi 25 mm. Madzi a m'paipi yaitali yopyapyala amalemera kuwakankha ndi kuwaimitsa, ndipo kulemerako kumaoneka ngati nsonga yakuthwa pa mzere wa pulesha kumayambiriro kwa kufinya. Kuseri kwa chitini mapaipi a 12.7 mm amakwana. Pamwamba pa madzi a mu atrium pakhale masentimita 13 kapena 14 kuchokera pakati pa vavu ya mitral, kuti ventricle idzidzaza ndi pulesha ya pafupifupi 10 mmHg.

Zipinda zoonekera mkati zimapangidwa ndi acrylic. Musazipukute ndi spirit kapena mowa uliwonse wa mu labotale: acrylic imachita timing'alu ting'onoting'ono, makamaka pamabowo obooledwa, ndipo tsiku lina imadzang'ambika pulesha ili mkati. Sopo ndi madzi ofunda n'zokwanira. Mabawuti akhale a chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo muziwamanga modumphitsa, wa kuno kenako wa kutsidya, pang'onopang'ono.

Madzi oimira magazi

Pali zosankha ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi chimene chimataya.

Choyamba ndi madzi amchere, magalamu 9 a mchere mu lita imodzi. Mavavu opangidwa ndi mnofu wa nkhumba kapena chikopa chokuta mtima wa ng'ombe amakhala bwino m'madzi amenewa, ndipo sensa ya maginito yoyeza kayendedwe ka madzi imafuna mchere kuti igwire ntchito. Vuto n'lakuti madziwa ndi opepuka kuyenda kuposa magazi. Viscosity (muyeso wa mmene madzi amalemerera poyenda) ya magazi othamanga mu aorta ndi pafupifupi 3.5 mPa·s, ya madzi amchere ndi pafupifupi 1. Pa dzenje lalikulu la vavu yotseguka kusiyanaku sikusintha kwambiri pulesha yotayika, chifukwa pamenepo chimalamula ndi liwiro. Koma pa kudontha kwa vavu yotsekeka, pamene madzi akudzipanikiza m'timipata topyapyala, madzi amchere amadutsa ochuluka kuposa mmene magazi akanadutsira.

Chachiwiri ndi madzi osakaniza ndi glycerol. Magawo 40 pa 100 a glycerol, poyeza kulemera, amapereka viscosity ya pafupifupi 3.7 mPa·s pa 20°C, ndipo mililita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 1.10. Pa makilogalamu 5 a madzi osakaniza, yezani makilogalamu 2 a glycerol ndi 3 a madzi. Gwiritsani ntchito sikelo, osati botolo loyezera: glycerol imalemera magalamu 1.26 pa mililita, ndiye 40 pa 100 ya kulemera si 40 pa 100 ya kuchuluka. Mapepala ambiri salemba kuti ndi iti mwa ziwirizi, ndipo ophunzira amangokopera nambala. Inu lembani.

Kutentha kumasintha madziwa mofulumira. Omwewo a 3.7 pa 20°C amatsika kufika pafupifupi 2.7 pa 30°C, kutanthauza kutaya pafupifupi magawo 3 pa 100 pa digiri iliyonse. Pampu imafunditsa madzi ikamagwira ntchito, ndiye zimene mwayeza m'mawa ndi zimene mwayeza masana zingasiyane vavu ili yomweyo. Ikani thermometer m'thanki ndipo muzilemba kutentha pa fayilo iliyonse. Mukafuna kuyesa pa 37°C, glycerol ikwere kufika pafupifupi theka la kulemera konse, ndipo mutsimikize ndi viscometer, chida choyezera viscosity, pa kutentha komweko. Mavavu olowetsedwa kudzera mumtsempha okhala ndi chimango cha nitinol ayesedwe pa 37°C nthawi zonse, chifukwa mphamvu imene chitsulochi chimakankhira khoma imadalira kutentha.

Glycerol imakoka madzi m'mnofu, choncho vavu yamnofu ikakhalitsamo masamba ake amasintha kulimba. Musaisiyemo usiku wonse. Komanso madzi a glycerol amachita nkhungu pakangopita masiku. Asintheni sabata iliyonse. Ena amathiramo sodium azide pang'ono kuti asawonongeke, koma ndi poizoni, ndipo ikatayidwa musinki imagwirana ndi kopa kapena mtovu wa m'mapaipi n'kupanga zinthu zophulika. Kusintha madzi pafupipafupi n'kwabwino kuposa kulimbana ndi zimenezo.

Ngati mudzajambula kayendedwe ka madzi ndi laser, pamafunika kuti kuwala kudutse m'madzi ndi m'khoma mosapindika. Refractive index (muyeso wa mmene chinthu chimapindira kuwala) ya silicone ya Sylgard 184 ndi pafupifupi 1.41, ya acrylic ndi 1.49, ndipo kuti madzi afike pamenepo anthu amathiramo sodium iodide. Madzi otere amasanduka achikasu akakhala pa kuwala ndi mpweya. Sodium thiosulfate pang'ono imawayeretsa. Iyi ndi nkhani ina payokha, isakhale ya mwezi woyamba.

Masensa a pulesha

Milimita imodzi ya mercury ndi yofanana ndi mamilimita 13.6 a madzi. Sensa ikakhala masentimita 10 pansi pa malo amene mukuyeza, imawonjezera 7.4 mmHg m'madzi amchere, ndi pafupifupi 8 m'madzi a glycerol. Vavu yabwino ya aorta imataya pulesha ya pafupifupi 10 mmHg. Mukuona kuti kutalika kwa dzanja limodzi lokha kungathe kusandutsa vavu yabwino kukhala yoipa, kapena yoipa kukhala yabwino.

Yatsani masensa ndi amplifier mphindi 30 musanayambe kuyeza, chifukwa ziro amayendayenda zikamafunda. Kenako dzazani makina, pampu isayende, tsegulani chitini cha mpweya kuti madzi akhale bata, ndipo ikani ziro pa masensa onse awiri, wa ventricle ndi wa aorta, nthawi imodzi. Chofunika kwambiri n'chakuti awiriwa awerenge chimodzimodzi madzi ali chiimire. Mukatha kuika ziro, musasunthe sensa. Imangeni pachitsulo chosagwedera, osati kuisiya ikulendewera papaipi.

Ziro yekha sakwanira, muyenera kudziwanso ngati sensa ikukwera moyenera. Tengani kapaipi koonekera mkati, kaimikeni pakhoma pambali pa tepi yoyezera, n'kudzaza madzi oyera. Masentimita 68 ndi 50 mmHg, 136 ndi 100 mmHg, 204 ndi 150 mmHg. Lembani mavoti pa malo aliwonse pokwera ndiponso potsika. Madontho akhale pa mzere woongoka. Sensa imene ikupereka nambala ina pokwera ndi ina potsika ichotseni. Masensa otayidwa a m'chipatala amapangidwa kuti azipereka 5 µV pa voti iliyonse pa mmHg, koma musangodalira nambala ya pabokosi, makamaka pa sensa imene yakhala m'madzi amchere chaka chathunthu.

Mabowo oyezera pulesha ali ndi malo ake. Chizolowezi chofala n'kuika la kumbuyo pa mtunda wofanana ndi kutambalala kwa vavu kamodzi, la kutsogolo katatu. Chifukwa chake n'chakuti madzi akangotuluka pa vavu amakhala pa liwiro lalikulu ndipo pulesha imakhala yotsika kwambiri. Akamatambasuka kutsogolo liwiro limachepa, ina mwa pulesha ija n'kubwerera. Bowo likayandikira kwambiri, vavu imaoneka yopanikiza kuposa mmene ilili. Mkamwa mwa bowolo mukhale mosalala, molingana ndi khoma lamkati, mopanda kanthu kotulukira m'njira ya madzi.

Kapaipi kochoka pabowo kupita kusensa kakhale kolimba ndi kakafupi. Kathovu kamodzi ka mpweya m'kapaipika kamachita ngati sipuling'i: mzere wa pulesha umayamba kunjenjemera vavu ikatseka, kapena nsonga zake zimafufutika. Kuti mudziwe, tsegulani kavavu kotsukira kwa kanthawi n'kutseka mwadzidzidzi. Mzere wabwino umagwa, n'kunjenjemera kamodzi kapena kawiri mofulumira, n'kukhazikika. Ukanjenjemera nthawi yaitali kapena ukatsika mwaulesi, muli mpweya. Tsukani ndi jakisoni kuchokera kusensa kupita m'makina, uku mukugogoda ndi chala.

Sensa ya kayendedwe ka madzi

Ya ultrasound yomanga kunja kwa paipi imalinganizidwa kufakitale pa mtundu umodzi wa paipi, madzi amodzi ndi kutentha kumodzi. Glycerol imasintha liwiro la phokoso m'madzi, ndiye nambala ya pasikirini ingaphonye. Njira yotsimikizira ndi yakale koma siinama: yendetsani madzi mosadukiza, muwakhuthulire m'chidebe chili pasikelo kwa masekondi 60, gawani kulemerako ndi kulemera kwa mililita imodzi. Chitani zimenezi pa malita 2, 5, 10 ndi kupitirira apo mmene pampu yanu ingathere, chifukwa pa nsonga ya kufinya madzi amathamanga kupitirira malita 20 pa mphindi ngakhale a pakatikati ali 5. Yesaninso madzi akuyenda chobwerera, popeza kudontha kumayezedwa kumeneko.

Ziro wa sensa imeneyi ndi wovuta kuposa mmene amaonekera. Akaphonya ndi 2 mL pa sekondi yokha, pa masekondi 0.557 a kumasuka kwa mtima mwawonjezera kapena kuchotsa mililita yopitirira imodzi, pamene kudontha konse kwa vavu yabwino kungakhale mamililita awiri kapena atatu. Ikani ziro mutapana paipi mbali zonse ziwiri, ndipo muonenso mukamaliza kuyesa.

Mita iliyonse ili ndi fyuluta yochotsa phokoso la magetsi, ndipo fyulutayo imachedwetsa mzere. Ya pulesha ikakhala pa 100 Hz ya madzi ili pa 10 Hz, mizere iwiriyi siyendera limodzi, ndipo nthawi imene mukuti vavu yatseguka imakhala yolakwika. Ikani zonse pa fyuluta yofanana, yosatsika kwambiri pansi pa 100 Hz, ndipo kompyuta izitenga manambala ka 1000 pa sekondi. Mukaona timafunde ta 50 kapena 60 Hz pa mizere yonse, ndi magetsi a m'nyumba. Lumikizani zipangizo zonse ku waya umodzi wa earth, ndipo mawaya a masensa asayende limodzi ndi a mota.

Kudzaza ndi kutchuna

Ikani kaye vavu yodziwika, imene labotale ili ndi zotsatira zake zakale, kapena mbale yokhala ndi dzenje loyezedwa bwino. Dzazani makina kuchokera pansi, pang'onopang'ono, mabowo onse apamwamba ali otsegula. Madzi a glycerol amasunga timathovu nthawi yaitali, ndiye asakanizeni dzulo lake kuti akhazikike. Yambitsani pampu ikuyenda pang'ono, mwina gawo limodzi pa magawo anayi a mtunda wake, chopinga chili chotsegula, n'kumapendeketsa zipinda mpaka mathovu aleke kutuluka. Osayambitsa pampu chopinga chili chotseka. Pulesha imakwera m'kugunda kuwiri kapena kutatu ndipo chimene chili chofooka chimaphulika.

Potchuna tsatirani ndondomeko iyi, chifukwa chilichonse chimakoka chinzake. Yambani ndi liwiro la kugunda ndi nthawi yofinya, mukaziika musazikhudzenso. Kwezani mtunda wa pisitoni mpaka malita afike 5. Tsekani chopinga pang'onopang'ono mpaka pulesha ya pakatikati ifike 100. Kenako sinthani mpweya m'chitini mpaka mzere ukhale pafupifupi 120 pamwamba ndi 80 pansi: mpata wa manambala awiriwa ukakula kwambiri onjezani mpweya, ukachepa tulutsani. Mukatero bwererani ku malita, chifukwa pulesha ikakwera mapaipi ndi makoma amatanuka, vavu ya mitral imadontha pang'ono, ndipo ena mwa madzi a pisitoni safika mu aorta. Zungulirani chonchi mpaka zonse zikhazikike, ndipo mukasintha chinthu dikirani kugunda kosachepera 20 musanaweruze.

Mzere wa pulesha umakuuzani chimene chavuta. Ukamatsika mofulumira kwambiri vavu itatseka, ndiye kuti chopinga chatseguka kwambiri, mpweya wachepa, kapena vavu ikudontha. Ukakhala ndi nsonga yakuthwa kumayambiriro, paipi ndi yaitali kapena pisitoni ikuyamba mwamphamvu. Kachitini kakang'ono ka mpweya pakati pa pisitoni ndi ventricle kamafewetsa. Pulesha ya ventricle ikamatsika pansi pa ziro nthawi yodzaza, pisitoni ikukoka mofulumira kuposa mmene atrium ingaperekere: kwezani madzi a mu atrium kapena kulitsani njira yolowera. Mavavu achitsulo amatseka mwaphokoso ndipo amasiya nsonga zazifupi pa mzere. Zimenezo ndi zenizeni, musazifufute ndi fyuluta. Pulesha ya pakatikati ikamasintha pang'onopang'ono kwa ola lathunthu inu osakhudza kanthu, onani kutentha kwa madzi, kenako pakani thovu la sopo pachivindikiro cha chitini kuti muone ngati mpweya ukuthawa.

Vavu yeniyeni

Mavavu amnofu amabwera m'botolo la glutaraldehyde, mankhwala amene Alain Carpentier anayamba kusungira mavavu otere kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Amapweteka m'maso ndi m'mphuno, choncho tsegulani botololo mu fume hood (kabati yokoka mpweya woipa) mutavala magolovesi, ndipo tsukani vavu m'madzi amchere kangapo motsatira malangizo a wopanga. Masamba ake asaume ngakhale kwa mphindi zochepa, ndipo musawagwire ndi chopanira. Pomanga, chimango chisapindike. Vavu yofinyika pang'ono masamba ake sakumana bwino ndipo imadontha pakati. Tsekaninso bwino m'mphepete ngati mukufuna kudontha kwa vavu yokha, apo ayi madzi odutsa m'mbali adzawerengedwa ngati ake.

Jambulani kugunda kosachepera 10 kotsatizana. Kukula kwa dzenje limene madzi akudutsadi, EOA, kumapezeka motere: tengani Q, imene ndi rms (root mean square, mtundu wa avereji) ya madzi odutsa mu mL pa sekondi pa nthawi imene pulesha ya ventricle ili pamwamba pa ya aorta, gawani ndi 51.6 kuchulukitsa square root ya ΔP yogawidwa ndi ρ. ΔP ndi kusiyana kwa pakatikati kwa pulesha mu mmHg pa nthawi yomweyo, ρ ndi magalamu pa mililita. Mwachitsanzo Q ikakhala 263, ΔP 10, madzi amchere, yankho ndi pafupifupi 1.6 cm². Ziro wa sensa akaphonya ndi 3 mmHg, ΔP n'kukhala 13, yankho limagwa kufika 1.4. Samalani kuti Q ndi ΔP zitengedwe pa nthawi imodzimodzi. Chakumapeto kwa kufinya madzi amapitabe kutsogolo ngakhale pulesha ya aorta yapitirira ya ventricle, ndipo mukaphatikiza kanthawi kameneko ΔP imachepa, vavu n'kuoneka yokongola kuposa choonadi.

Madzi obwerera ali pawiri: amene amabwerera masamba akutseka, ndi amene amadontha atatseka. Alembeni padera, kenako muwaphatikize n'kugawa ndi opita kutsogolo. Opita kutsogolo akakhala 78 mL, otsekera 4, odontha 3, ndiye kuti obwerera ndi magawo 9 pa 100. Chitsanzochi chikuonetsanso msampha wina: 78 kuchulukitsa 70 ndi pafupifupi malita 5.5, pamene 71 yotsala kuchulukitsa 70 ndi pafupifupi malita 5. Mapepala ena akati malita 5 amatanthauza opita kutsogolo okha, ena amatanthauza otsala mutachotsa obwerera. Nenani poyera tanthauzo limene mwatenga.

Makinawa sakuuzani kuti vavu idzakhala zaka zingati. Zimenezo zimayesedwa m'makina ena othamangitsa, kugunda 200 miliyoni pa mavavu amnofu ndi 400 miliyoni pa achitsulo. Pa kugunda 70 pa mphindi, mtima umagunda pafupifupi ka 37 miliyoni pachaka, ndiye 200 miliyoni ndi zaka zopitirira pang'ono zisanu. Kukhwima kwa malamulowa kuli ndi mbiri yake: vavu ya Björk-Shiley ya mtundu wa convexo-concave inachotsedwa pamsika mu 1986 chifukwa kachitsulo kogwira chivindikiro kankathyoka m'thupi mwa odwala. Choncho m'pepala lanu musalembe za kulimba kwa vavu kuchokera pa zimene mwayeza masana amodzi.

Makina amene mwapatsidwa ndi wina

Ophunzira ambiri samanga kuchokera pachiyambi, amalandira makina a munthu amene anamaliza zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Musasinthe kalikonse musanabwereze chimodzi mwa zotsatira za mu thesis yake, ndi vavu yomweyo ndi madzi omwewo. Zikagwirizana, muli ndi poyambira. Zikapanda kugwirizana, mwapeza vuto lisanalowe m'ntchito yanu. Yang'anani mu code manambala olembedwa pamanja osinthira mavoti kukhala mmHg; kawirikawiri amakhala a sensa imene inatayidwa kalekale. Kachidutswa kooneka kopanda ntchito, monga kapaipi kopindika kapena kachipanira pamalo achilendo, musakachotse musanafunse. Nthawi zambiri kanaikidwa kuti kathetse vuto limene silinalembedwe paliponse.

Omwe anamaliza amayankha msanga funso likakhala lolunjika. Atumizireni chithunzi cha makina mmene alili lero, gilafu ya pulesha ndi ya madzi, kutentha, mtundu wa madzi, ndi zimene mwayesa kale, n'kufunsa chinthu chimodzi. Ambiri amakhala atalowa ntchito m'makampani opanga zipangizo za chipatala ndipo ali ndi mapangano osunga chinsinsi, choncho afunseni za makina a labotale, osati za zimene akupanga kuntchito. Ngati mugwiritsa ntchito code kapena deta yawo yosasindikizidwa, kambiranani ndi mphunzitsi wokuyang'anirani nkhani ya maina a papepala musanayambe kulemba. Onaninso mapangano a mavavu amene kampani inapereka, chifukwa ena amafuna kuti kampaniyo ione pepala lisanatumizidwe, ena saloleza kutchula dzina la vavu.

Nanu tsiku lina mudzasiyira wina. Sungani deta yaiwisi mu mavoti, pamodzi ndi fayilo ya kulinganiza kwa masensa ya tsiku lomwelo, kuti wina adzathe kuwerengeranso ngati nambala yosinthira idzapezeke yolakwika. Code ikhale pa Git (pulogalamu yosungira code ndi mbiri ya kusintha kwake), mu akaunti ya labotale osati yanu, chifukwa imelo ya payunivesite imatsekedwa mukachoka. Siyani zojambula za CAD, mndandanda wa zigawo wokhala ndi manambala ogulira ndi kukula kwa O-ring (mphira wozungulira wotchinga kudontha) iliyonse, ndi vidiyo yaifupi yoonetsa kudzaza ndi kuchotsa mpweya, popeza zimenezi n'zovuta kuzilemba. Pomaliza khuthulani madzi onse, tsukani makina ndi madzi opanda mchere kawiri, masulani mabawuti pang'ono kuti ma O-ring asaphwatalale, ndipo bwezani vavu yofananizira m'botolo lake mutalemba tsiku ndi EOA yomaliza imene munapeza.